Kodi "reinstated" ndi kubwezeretsedwa kotani?

Mayi wina wa ku Zomba wandilembera imelo. Akuti amuna awo anachotsedwa ntchito, nkhani inakafika kukhoti, ndipo chigamulo chatuluka chonena kuti bambowo akhale "reinstated". Akufuna kudziwa ngati ndiye kuti akayambiranso ngati munthu wongolembedwa kumene, komanso ngati mawuwa n'chimodzimodzi ndi "restored".

Mayi, mtima m'malo, sakayambiranso ayi. Munthu akakhala "reinstated" ndiye kuti wabwezeretsedwa pampando womwe uja anamuchotsapo. Lamulo la zantchito la dziko lathu, Employment Act ya 2000, mu gawo 63, limapatsa khoti njira zitatu likapeza kuti munthu anachotsedwa mopanda chilungamo. Pa "reinstatement", wantchito amatengedwa pa chilichonse ngati kuti sanachotsedwepo n'komwe. Zaka zonse anagwira zija zimawerengedwabe, siziduka.

Mawu oti muwayang'ane ndi maso awiri ndi "re-engagement". Awa ndiye kulembedwanso, pantchito yofanana ndi yakale kapena ina yoyenerera, kuyambira tsiku limene khoti lanena kapena limene mwagwirizana. Anthu ambiri amawasokoneza mawu awiriwa chifukwa onse amayamba ndi "re-", kachidutswa kochokera ku Chilatini kotanthauza "-nso", koma m'thumba amasiyana kutali. Njira yachitatu ndi chipukuta misozi basi, ntchito osabwererapo.

Nanga "restored"? Awa ndi mawu otambalala. Magetsi akayakanso, a ESCOM amalengeza kuti "power has been restored". Nyumba yakale yokonzedwa kuti ioneke monga inalili poyamba, nayonso ndi "restored". Ngakhale ufumu: ku England, Charles II atabwerera pampando mu 1660, nyengoyo anaitcha "the Restoration". M'matchalitchi mawuwa ndiye sasowa, alaliki amawakonda kwambiri, mwina mopitirira muyeso. Koma kalaliki wa muofesi kapena dalaivala wobwerera pantchito yake, Mngelezi sanena kawirikawiri kuti ndi "restored". Wodwala akachira, mawu a tsiku ndi tsiku ndi "recovered".

Ndiye tengani chigamulocho, muwerengenso bwinobwino ndi bambo kunyumbako, muone ngati chatchula za malipiro a miyezi imene anakhala pakhomo. Ngati abwana awo ayamba kukamba zosainira kontirakiti yatsopano, asasaine msanga. Abwerere kaye ku Industrial Relations Court, khoti loweruza nkhani za ntchito, kapena kwa loya wawo akafunse, chifukwa pepala limenelo likhoza kusandutsa "reinstated" kukhala kulembedwanso chabe.