Mgwalangwa wosabereka, audule?

Bambo wina wandilembera kuti pa puloti imene agula ku Salima pali mgwalangwa wosabereka, ndiye akufunsa ngati angaudule. Achimwene, kalata yanu yandikhudza pachilonda.

Ine ndinakulira ku Chikwawa, ndipo makope ndi yunifolomu yanga zinkachokera ku mlaza, masamba a mgwalangwa. Agogo aakazi ankadula masamba anthete asanatambasuke, n'kuwayanika padzuwa mpaka ayere, kenako n'kuwang'amba ndi kampeni. Madzulo ankakhala pakhonde miyendo ali tambalale, akuluka mikeka ndi zipewa, zala zili ming'alu yokhayokha. Zotsalira ankamanga matsache. Kuseri kwa nyumba kunali mgwalangwa wautali, masamba ake otambasuka ngati chikhatho. Anafe tinkagenda zipatso zake n'kumakukuta mnofu wofiirira uja mpaka nsagwada kuwawa. Mkati mumakhala njere yoyera, yolimba ngati mnyanga wa njovu.

Chaka china cha njala amalume anaupereka kwa wogema uchema. Wogema amadula mutu, pamene masamba atsopano amatulukira, n'kumasenga pang'onopang'ono m'mawa ndi madzulo kuti madzi azidonthera m'chigubu. Thunthulo lilibe pena pophukira. Uchema utaleka kudontha, mtengo unangotsala chiimire ngati mzati, ndipo agogo anatha mwezi osawalankhula amalume.

Wogemayo sindimuda, nayenso anali ndi ana. Chimandipweteka n'chakuti mitengoyi timaiona ngati tchire chabe chifukwa palibe amene anaidzala. Pitani ku Liwonde National Park mukaone mmene yaimira m'mbali mwa Shire, pamodzi ndi mivumo ya mimba yotupa ija. Njovu zimagwedeza thunthu kuti zipatso zigwe, zimameza, n'kukasiya njere kutali m'ndowe. Kunja kwa paki ndani akugwira ntchito imeneyi? Timangodula, kuotcha, kumanga mpanda wa njerwa.

Tsono za mtengo wanu

Migwalangwa ilipo yaimuna ndi yaikazi. Wanuwo mwina ndi waumuna: sudzabereka, koma mungu wake ndi umene umabereketsa yaikazi yapafupi. Ngati ndi waukazi, dikirani, zipatso zake zimatenga pafupifupi zaka 2 kuti zikhwime. Kuuzula kuti mukaudzale pena musayese n'komwe, suchedwa kufa. Ngati waima pamene mukufuna maziko, auzeni amisiri asunthe chingwe pang'ono. Musaudule, achimwene.