Yankho kwa mlongo amene wafunsa za mbalame za ku St Lucia ndi ku Chilwa

Sabata yatha ndalandira imelo kuchoka kwa mlongo wina wa kuno ku Zomba koma pano akugwira ntchito ku Durban. Akuti anapita ku St Lucia, mu paki ya iSimangaliso ku South Africa komweko, komwe madzi a mumtsinje amakumana ndi a nyanja yamchere, anaona mvuu, ng'ona ndi mbalame zambirimbiri, ndiye akufunsa kuti kodi kwathu kuno kuli malo ngati amenewo oti akabwera pa holide apiteko ndi ana?

Achemwali, nyanja yamchere ija ife tilibe, ndiye zofanana ndendende musayembekeze. Koma kunena za mbalame, simufunika kupita kutali, Chilwa ili pakhomo pompano, mungotsika nsewu wa ku Kachulu.

Chilwa si paki iyayi, palibe geti kapena mpanda. Mu 1997 inalowa m'gulu la madambo otetezedwa pansi pa mgwirizano wa maiko wosamalira madambo wotchedwa Ramsar, dambo loyamba m'Malawi muno kulowamo, chifukwa cha mbalame zomwezo. Madzi ake ndi amchere pang'ono poti Likangala, Domasi, Thondwe, Phalombe yonse imathira momwemo koma palibe mtsinje wotulutsa, madzi amangouma ndi dzuwa mchere n'kutsala. Komanso ndi yosazama, n'chifukwa chake imaphwa mvula ikavuta, 1968 inaphwa, 1995 inaphwa, 2018 anthu amayenda wapansi pamene pamadutsa mabwato.

Mukafika mamawa mudzaona akakowa, atsekwe, abakha a m'madzi akutuluka mu njedza, nkhwazi ikulira pamwamba, ndipo nyengo ya dzinja kumabwera zina zouluka kuchokera ku Ulaya konse, ine zimenezi zimandikhudza mtima mpaka pano. Mudzaonanso zimbowera, timisasa toyandama ta asodzi amene amagona pamadzi masabata akusaka matemba ndi milamba.

Chimene chimandiwawa ndi ichi, nsomba zikasowa anthu amatembenukira ku mbalame, misampha ponseponse, zokazinga zili pamsika. Sindingawanene, mwana akulira njala umatani? Koma ndiye zikutha, ndipo magulu a osaka mbalame amene amayesa kusunga malo oswanirana akufunika kuwathandiza osati kungowayamikira pakamwa.

Ndiye bwerani mvula itangotha madzi ali odzadza, mupeze wabwato akuwolotseni mpaka pachilumba cha Chisi. Ana muwavale malaifi jaketi chonde, mphepo ikayamba masana nyanja imeneyi imavuta.