Maliro amene analibe manda

Mayi wina wogwira ntchito pabanja la Chiyuda ku Johannesburg wandilembera imelo. Akuti chaka chilichonse agogo a panyumbapo amayatsa kandulo pokumbukira azakhali awo amene sanawaonepo, ndipo khanda lobadwa kumene alipatsa dzina la azakhali omwewo. Akufunsa kuti, "Kodi anthuwa sathetsa maliro?"

Amathetsa ndithu, mayi, ndipo mwambo wawo uli ndi malire omveka. Akaika maliro, anamfedwa amakhala m'nyumba masiku 7, pamipando yaifupi, magalasi odziyang'anirapo ataphimbidwa. Imeneyi ndi shiva. Kulira kumapepuka pakatha masiku 30. Wotaya kholo amanena pemphero la Kaddish kwa miyezi 11, ndipo salinena yekha, pamafunika anthu khumi. Ine mbali imeneyi ndimaisirira: wofedwa amakakamizika kutuluka m'nyumba n'kukapeza anzake. Pambuyo pake pamangotsala kandulo wa tsiku limene munthuyo anamwalira.

Koma taganizani. Ayuda ambiri a ku South Africa makolo awo anachokera ku Lithuania, ambiri asanafike 1930. Abale amene anatsala kumeneko anaphedwa ndi chipani cha Nazi cha ku Germany ndi othandizana nacho pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, makamaka mu 1941, poomberedwa m'maenje a m'nkhalango monga ku Ponary. Ku Johannesburg makalata anangosiya kubwera. Panalibe mtembo, manda, ngakhale tsiku. Nanga masiku 7 aja uyamba kuwerenga liti? N'chifukwa chake atsogoleri akuluakulu a chipembedzo cha Chiyuda ku Israel anapatula tsiku la 10 la mwezi wa Chiyuda wa Tevet kuti likhale la onse amene tsiku la imfa yawo silidziwika.

Maliro osalirika otere amatsikira kwa ana. Ayuda ambiri a ku Ulaya kale lomwe amatcha mwana dzina la wachibale womwalira, koma nkhondo itatha mwana mmodzi ankatha kusenza mayina a anthu angapo, pamodzi ndi mantha a makolo osakamba zakale. Mu 1966 dokotala Vivian Rakoff wa ku Montreal, ku Canada, analemba kuti ana a opulumuka ankabwera kuchipatala ndi mavuto a maganizo, ngakhale nkhondoyo sanaione.

Nthawi zambiri adzukulu ndi amene amayamba kufunsa. Ena amatumiza mayina ku Yad Vashem, ku Yerusalemu, kumene akulemba kaundula wa Ayuda 6 miliyoni amene anaphedwa nthawi ya nkhondoyo. Mukapeza mpata, afunseni agogowo mudzi umene makolo awo anachokera. Mayankho otere amatenga nthawi, ndiye musafunse muli ndi mphika pamoto.