Musataye jinziyo, pitani nayo kwa atelala

Mayi amene mwafunsa kuti kaunjika wakwera mtengo pomwe ana akung'amba zovala mwezi ndi mwezi, ndiye muzisoketsa kapena muzingogula zina, komanso ngati anzawo sangawaseke ndi zigamba: ine ndikuti soketsani. Koma musamadikire kuti chovala chifike pothaitha ndiye mukaone telala. Ambirife timataya ndalama pamenepa. Kabowo kongolowa chala kamasokedwa ndi singano ya pamanja madzulo amodzi, koma mukakasiya mpaka kuchapa kawiri katatu, kasanduka chibowo chofuna nsalu ina, makina ndi ndalama.

Tiyambe ndi jinzi, poti ndi imene imapweteketsa mtima ikatha. Imayamba kutha pakati pa ntchafu pamene nsalu imakhulana poyenda. Itembenuzeni, muiyang'anitse kudzuwa. Mukaona kuti pamenepo kuwala kukudutsa, nthawi yake ndi imeneyo ngakhale isanabooke. Telala wodziwa ntchito amaika kansalu ka jinzi ina mkati, kenako n'kuyendetsa makina uku ndi uku kambirimbiri ndi ulusi wofanana mtundu, mpaka pamalopo pamalimba ngati nsalu yatsopano. Munthu sangadziwe pokhapokha mutamuuza. Muwauze atelala momveka kuti chigamba chikhale chamkati, ndipo chipitirire malire a pamene paperepeseka, chifukwa akachisokera pansalu yofooka chimang'ambikanso m'mphepete mwake sabata yomweyo.

Zipi nayo anthu amaitaya ulere. Nthawi zambiri mano ake amakhala ali bwinobwino, chatakasuka ndi kamutu kokokera kaja. Kapanikizeni pang'ono ndi pulayala mbali zonse ziwiri, mopanda mphamvu, zipi iyambanso kutseka. Ikamalimba poyenda, pakani kandulo m'mano mwake. Shati ya abambo imene kolala yanyenyeka pakhosi, atelala akale amadziwa kuisomola n'kuitembenuza, mbali yothayo n'kubisala pansi. Achinyamata ena osoka masiku ano sakonda ntchito imeneyi poti ndi yochedwetsa, choncho funafunani madala aja okhala pakhonde la sitolo ndi makina awo a Singer kapena Butterfly opalasa ndi mapazi. Iwowa ndi amene amatha zimenezi.

Za yunifolomu, posoketsa muwauze asiye nsalu yambiri popinda m'munsi ndi m'mbali, kuti mwana akatalika mungomasula. Kabudula wa mnyamata aikiretu nsalu yachiwiri mkati kumatako asanayambe n'kuvala komwe. Mabatani a chovala chilichonse chongogula kumene, bwerezani kuwasoka nokha, chifukwa a kufakitale amangogwira ndi ulusi umodzi.

Komabe si chovala chilichonse choyenera kuonongerapo ndalama, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mumvetse. Nkhani ya kusoketsa imayambira pogula. Mukafika pa Tsoka ku Lilongwe, ku Limbe kapena m'mashopu a DAPP, musamangotengeka ndi kuwala kwa chovala. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Werengani kapepala ka m'khosi kapena ka m'mbali. Nsalu ya thonje yokhuthala imalola kusokedwa kangapo. Tizovala topyapyala ta polyester ndi majinzi otamuka aja, lasitiki wa m'nsalu akangofa, palibe telala angaukitse. Singano ikalowa, bowo limangokula. Yang'anani m'khwapa, pakati pa miyendo ndi m'matumba, kokani msoko pang'ono muone ngati ukuseka. Kuli bwino kugula chimodzi cholimba kusiyana ndi zitatu za pa mulu wotchipa zimene sizifika Khirisimasi.

Mabelo a masiku ano adzaza ndi zovala zofookazi chifukwa kumaiko olemera anthu akugula zambiri zotchipa, kuvala kangapo n'kutaya. Zotsalazo zimathera kuno kwathu. Ku Ghana, pamsika wa Kantamanto mumzinda wa Accra, zovala zambiri za m'mabelo sizigulika n'komwe, zimakathera kudzala ndi m'mphepete mwa nyanja. Ndipo kutchipa kwake pali amene amakulipirira: mu 2013 nyumba ya Rana Plaza ku Bangladesh inagwa n'kupha anthu oposa 1,100, ambiri mwa iwo osoka zovala zopita ku Ulaya ndi ku America. Sindikunyoza kaunjika, watilera ndipo akudyetsa mabanja ambiri. Koma belo limagulidwa ndi madola, ndipo chichokereni pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, palibe amene angakulonjezeni kuti mtengo ubwerera pakale. Ndalama imene mwapatsa telala wa m'dera lanu imazungulira pomwepo, imagula ufa ndi ndiwo pamsika womwe mumagula inu. Zimandiwawa kuona kuti alimi a ku Chikwawa, Balaka ndi Salima amalima thonje, koma ana awo amavala zimene ena anataya kutsidya kwa nyanja.

Kuchapa kumathetsanso zovala kuposa kuvala. Kumenyetsa pamwala, kunyika mu Jik usiku wonse, kuyanika padzuwa la mu October kuyambira m'mawa mpaka madzulo, zonsezi zimadya ulusi. Tembenuzani chovala pochapa ndi poyanika, zamitundu muziyanika pamthunzi, ndipo samalani ndi simbi ya makala pa nsalu za polyester chifukwa ndi pulasitiki, imasungunuka.

Tsono za kusekedwa. Ana amasekadi, sindingakunamizeni, ndipo musachepse nkhawa ya mwana wanu. Koma chimene amaseka ndi chigamba choikidwa mosasamala, buluku lakuda chigamba choyera, ulusi wofiira uli lendelende. Pa yunifolomu, chigamba chikhale chamkati ndi ulusi wofanana. Pa zovala zapakhomo, chitani dala kuti chioneke: kachidutswa ka chitenje pabondo kapena pathumba, kodulidwa bwino, ndipo mwanayo asankhe yekha nsaluyo. Mwana amene wasankha yekha amavala monyadira, mwinanso anzake n'kuyamba kupempha kwawo.

Chikafika poti sichingasokekenso, musachiotche, makamaka cha polyester, utsi wake ndi woipa pachifuwa. Jinzi yothera m'mawondo idulidwe ikhale kabudula, miyendo yotsalayo muisunge, ndiyo zigamba za mawa. Zitenje zakale zimatuluka zikwama zabwino zopitira kumsika m'malo mwa majumbo. Nsanza zimapita ku chikolopa, kapena muzidule tizidutswa n'kuzilowetsa m'thumba la saka kukhala chopondera pakhomo.

Pomaliza za mtengo, poti ena anena kuti atelala akudula. Musamapite ndi chovala chimodzichimodzi. Sonkhanitsani zinayi kapena zisanu, muzichape kaye, mutenge ndi nsalu yanu ya zigamba, mugwirizane mtengo wa zonse pamodzi asanayambe ntchito. Ndipo pewani sabata yotsegulira sukulu ndi nyengo ya maukwati, nthawi imeneyo amakhala atapanikizika ndi mayunifolomu ndi madiresi a aperekezi, zokonza amaziponya pansi pa tebulo.