Felemu simathyoka tsiku limodzi, achimwene

Mlungu wathawu ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a pa boma ku Nkhotakota. Akufuna kuitanitsa ku Joni njinga yamoto yaikulu yoyendapo kale, zija zotha kuyenda paphula ndi m'tchire momwe, koma anzawo awasokoneza mutu. Ena akuti felemu za masiku ano n'zosalimba, ena akuti zakale ndi dzimbiri lokhalokha. Ndiye akufunsa kuti agule iti yoti isadzawathyokere panjira.

Achimwene, funso lanuli landikhudza pachilonda.

Unali mwezi wa Julayi, mwera ukuwomba, anthu atangomaliza kupuntha mpunga. Ndinkachokera ku Bua kubwerera kwathu ku Salima, ulendo wa makilomita opitirira 100. Pakeliyala ndinamanga thumba la faya la makilogalamu 50, pamwamba pake bokosi la masipanala, pambali kachigubu ka petulo. Pa Chia ndinaimanso n'kugula chambo, n'kupachika kumbuyo komweko. Nditayandikira Benga ndinasiya phula kuti ndikazonde amalume omwe ankadwala kumudzi wa kunyanja. Msewu wake ndi uja wafumbi wokhala ndi timizere ngati lata, woti ukamayenda mano amagundana. Ndinawonjezera moto poganiza kuti ndidutsepo msanga. Kenako ndinangomva kuti thoo! Mpando unatsika, tayala lakumbuyo n'kuyamba kukhula pulasitiki, fungo la mphira wopsa kuti guu.

Mchira wa felemu, zitsulo zakumbuyo zonyamula mpando ndi keliyala, unali utaduka mbali imodzi, inayo itapindika. Mpunga unapita pangolo ya ng'ombe, njinga tinakankha ndi anyamata awiri mpaka pamsika pomwe panali madala ena owotcherera mawindo ndi makasu.

Zimene anandionetsa madalawo sindidzaziiwala. Anapukuta podukapo ndi chala n'kundiuza kuti ndiwerame. Theka la chitsulo linali lofiirira ndi dzimbiri, theka linalo likuwala ngati ndalama yatsopano. "Mwana wanga, kofiiraku kunang'aluka kalekale. Lero kwangoduka koyeraku basi." Kenako analoza kabowo kapululu pansi pampando. Bawuti imodzi mwa zogwira mchira inali itagwa, mwina miyezi ingapo m'mbuyomo, ndipo mphamvu yonse inkathera mbali imodzi. Njira yonse ndinkatukwana amene anapanga njingayo, koma apo ndinangoti chete.

N'chifukwa chake mikangano ya pa WhatsApp yonena kuti kampani yakuti imapanga zolimba, yakuti imapanga zidole, imandiwawa. Ambiri okanganawo sanachotsepo mpando n'kuunika ndi tochi. Felemu yeniyeni, yogwira injini ndi khosi la chiwongolero, kawirikawiri siduka pokhapokha njinga itawombedwa. Chimene chimavutika ndi mchira, ndipo chimaupha ndi katundu woikidwa kumbuyo kwenikweni, kupitirira pamene pali tayala. Tengani ndowa yamadzi muinyamule pafupi ndi thupi, kenako muitambasulire dzanja kutali, mumva kusiyana kwake. Ndiye wonjezeranipo kudumphadumpha kwa msewu wafumbi kambirimbiri pa ola limodzi. Chitsulo chimatopa ngati waya amene mukumupinda uku ndi uku, ndipo chimayambira pamene anawotcherera kapena pabowo la bawuti.

Wina anena kuti nanga akabaza bwanji? Zoona, ndimawaona pa Kamuzu Road atakweza anthu atatu pa Lifo, thumba la makala lili kumbuyo. Koma tasuzumirani pansi pa makeliyala awo. Ambiri anawonjezera zitsulo, ena anawotcherera kale kawiri katatu, ndipo amamangitsa mabawuti pafupipafupi chifukwa njingayo ndiye munda wawo. Onaninso alangizi a zaulimi ndi azaumoyo amene akhala zaka akuyenda m'midzi pa Yamaha AG 200 ndi DT 125. Njinga zimenezo n'zopepuka, zikagwa mumchenga munthu mmodzi amadzutsa. Zimene mukuzifuna inuzi zimapitirira makilogalamu 200 musanaikepo ngakhale chikwama. Yamaha Ténéré 700 ili cha pa 204, Honda Africa Twin imafika cha m'ma 230. Zikagwa zimagwa ndi mphamvu, ndipo mchenga wa ku Senga Bay suona dzina la pathanki.

Apa ndiye sindisintha maganizo: kwathu kuno chitsulo ndiye mfumu. Aluminiyamu ndi yopepuka, kulemera kwake ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chitsulo, ndiponso sichita dzimbiri lofiira lija. Koma ikang'aluka imafuna makina apadera owotcherera otchedwa TIG ndi gasi wa argon, komanso mmisiri wodziwa. Madala a pamsika aja ndi makina awo a ndodo sangaigwire. Mudzakweza njinga pa lole kupita ku Lilongwe. Chitsulo chimayamba chapindika, chimakuchenjezani, ndipo wowotcherera aliyense amakufikitsani kunyumba. Chokhacho, asanayatse makina chotsani mawaya a batire ndi kumasula kabokosi koyendetsa injini, chifukwa njinga zamakono zili ndi kompyuta yomwe moto wowotcherera ungathe kuipsereza.

Komanso tisamanamizane kuti zakale zonse zinali zolimba. Kungoyambira pamene BMW inatulutsa R 80 G/S mu 1980, anthu oyenda maulendo ataliatali akhala akuwonjezera zitsulo kumchira wa njinga zawo. Kawasaki KLR650, yomwe inayamba mu 1987 ndipo imatamandidwa kuti siifa, eni ake ambiri amasintha mabawuti a mchira n'kuikapo okhuthala chifukwa oyambawo amaduka ukailemetsa. Kulimba kwake n'kwakuti anthu anaidziwa pofooka.

Nanga mugule iti?

Funsani kaye ngati mchira wake ndi womanga ndi mabawuti kapena wowotcherera kufelemu. Africa Twin ya 2016 mpaka 2019 ndi yowotcherera, ya 2020 kupita m'tsogolo ndi yomanga, koma mchirawo ndi wa aluminiyamu. Ténéré 700 yoyamba ya 2019 ndi chitsulo, nayo yowotcherera. Womanga ukapindika mumangogula wina, wowotcherera ukapindika mwakhudza felemu yonse. Ine ndingasankhe yachitsulo, yopepukirapo, yoti zipangizo zake zimapezeka ku Joni mosavuta.

Ndipo musatumize ndalama poona zithunzi zokha. Pezani munthu wanu kumeneko achotse mpando ndi mapulasitiki, aunike pakhosi, pomangira shokapu ndi pogwira zopondera. Penti yatsopano pamalo amodzi okha, kapena kamzere ka dzimbiri kowonda ngati tsitsi, isiyeni. Aimirire kumbuyo aone ngati matayala awiri ali pamzere umodzi.

Ikafika, mpunga muzitumiza pa minibasi. Zolemera muziika pampando wakumbuyo, pafupi ndi msana wanu, pakeliyala zovala zokha. Yanga ija ndikadali nayo, chipsera cha madala aja chikuoneka pansi pampando, ndipo Loweruka lililonse ndisanatuluke pageti ndimayesa mabawuti anayi aja ndi sipanala.