Kodi kamutu ka sitima ka ku Chichiri kankakweradi mapiri kuchokera ku Nsanje?

Bambo wina wa ku Blantyre wanditumizira imelo atapita ndi ana ake kunyumba yosungirako zinthu zakale ya ku Chichiri, kumene anaona mutu wa sitima wakale uja umene uli panja. Akuti mwana wawo wamkulu anakana kwamtuwagalu kuti kanthu kakang'ono chotere kangakoke mabogi kuchokera ku Nsanje mpaka ku Blantyre, ndipo iwo anasowa choyankha. Akufunsanso tanthauzo la manambala onga 0-6-0 amene amalembedwa pofotokoza sitima zoyendera nthunzi.

Bambo, mwana wanuyo sanalakwitse kwenikweni, koma kuti timvetsane tiyambire pa njanji imene mutuwo unagulidwira. Njanjiyi inali ya kampani ya Shire Highlands Railway, ndipo inamangidwa chifukwa madzi a mu Shire anachepa kwambiri moti sitima zapamadzi zinkalephera kufika ku Katunga, kufupi ndi Chikwawa, kumene amtengatenga ankasenzera katundu pamutu kukwera naye ku Blantyre. Ntchito inayambira ku Chiromo, kenako njanji inafika ku Port Herald, komwe lero ndi ku Nsanje, ndipo sitima yoyamba inalowa mu Blantyre mu 1908. Mtunda wonse unali makilomita pafupifupi 180, koma chovuta sichinali kutalika ayi, chinali chitunda. Nsanje ili pansi kwambiri, pamene Limbe ili pamwamba kupitirira mamita 1,000, choncho njanji inkayenera kukhotakhota motsata mtsinje wa Ruo, kudzera ku Sankhulani ndi ku Thekerani, isanatulukire ku Luchenza.

Mitu iwiri yoyambirira, yotchedwa Thistle ndi Shamrock, inapangidwa ndi kampani ya W. G. Bagnall ya ku Stafford, m'dziko la England, ndipo yonse inali ya mtundu wa 0-6-0; umodzi mwa iyo ndi umene uli ku Chichiri uja. Manambalawa amawerenga magudumu. Yoyamba imanena za magudumu aang'ono otsogolera, yapakati imanena za magudumu okoka amene amalumikizidwa ndi zitsulo zam'mbali, ndipo yomaliza imanena za magudumu ochirikiza kumbuyo. Motero 0-6-0 ndi mutu wokhala ndi magudumu okoka asanu ndi limodzi basi, ndipo kulemera kwake konse kumatsamira pa iwo. Apa ndi pamene pagona chinsinsi cha mphamvu zake, pakuti chitsulo chimaterera pa chitsulo chinzake, ndipo gudumu limagwira njanji molingana ndi kulemera kumene kwalipsinja. Pa chifukwa chomwechi thanki ya madzi inayalidwa pamwamba pa boyila, momwe madzi amawiriramo, ngati chishalo pamsana pa bulu, kuti ngakhale madziwo athandize kupsinja magudumu. Magudumu ake ndi aafupi, ndipo gudumu lalifupi silithamanga koma limakoka mwamphamvu.

Kagwiridwe kake ka ntchito n'kosavuta kukafotokoza kwa mwana. Kumbuyo kuli ng'anjo imene amasonkhamo nkhuni kapena malasha, ndipo mpweya wamoto umadutsa m'mapaipi ambiri ozunguliridwa ndi madzi. Madziwo akawira, nthunzi imakankha pisitoni, chitsulo choyenda mkati mwa silinda, uku ndi uku, pisitoniyo n'kumazunguza magudumu. Nthunzi yogwira kale ntchito imatulukira kuchumuni, ndipo potuluka imakoka mpweya kuti moto uyake kwambiri. Phokoso lija achikulire amalikumbuka, longa munthu wopuma wefuwefu, linkachokera pamenepa, ndipo likamveka mwapang'onopang'ono koma mwamphamvu anthu ankadziwa kuti sitima ili pachitunda.

Pamene mwana wanu akulondola ndi pa nkhani ya ulendo wautali. Mutu wosenza wokha madzi ndi nkhuni zake sungapite patali usanaime kuti umwe, ndipo popeza ulibe magudumu otsogolera, umagwedezeka ukathamanga pamakona. Mitu yotere inali yoyenera kukoka zitsulo ndi miyala pomanga njanji, komanso kukankha ndi kulumikiza mabogi pasiteshoni. Pa ulendo wa pakati pa chigwa ndi Blantyre kampani inadalira mitu yokulirapo ya 4-6-0, imene inali ndi magudumu anayi olowetsa mutu bwinobwino pakona komanso ngolo yakeyake ya madzi ndi nkhuni kumbuyo. Iwiri mwa iyo inkatchedwa Rhodes ndi Milner, maina a atsamunda otchuka a ku Britain, ndipo maina okhawo akukuuzani kuti njanjiyi inali ya ndani. Inamangidwira fodya, thonje ndi tiyi wa m'maesiteti a azungu, osati mlimi wa kumudzi, ngakhale kuti manja amene anagumula mapiriwo anali a anthu akuno ndi ena ochokera ku Mozambique. Katundu atachuluka, kunabwera mitu ina ya 4-8-0.

Ine ndimaona kuti kuchepa kwa mitu imeneyi sikusonyeza kuti amisiri a nthawiyo sankadziwa kupanga yaikulu, popeza m'zaka zomwezo ku Britain kunali kale mitu ikuluikulu yothamanga kwambiri. Kampani yaing'ono yosowa ndalama inkayala njanji yopepuka, yotalikirana mamilimita 1,067, n'kumanga milatho yosalimba kwenikweni, ndipo mutu wolemera ukanaziphwanya. Kumbukiraninso kuti kufikira mu 1935, pamene mlatho wa Dona Ana unatsegulidwa pa Zambezi, panalibe njanji yolumikiza dziko lino ndi doko la Beira mosaduka, moti mutu uliwonse woyambirira unkabwera m'zidutswa pamadzi n'kudzalumikizidwa kuno.

Mukapitanso ku Chichiri, muuzeni mwanayo awerenge yekha magudumu, ayang'ane pamene pali thanki, kenako afunefune masilinda, momwe mumayenda mapisitoni. Sadzawaona kunja, chifukwa pa mtundu umenewu anabisidwa mkati, pakati pa magudumu.