Kodi a ku Ukraine ndi a ku Russia si anthu amodzi?

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake aphunzitsi a mbiri m'mayunivesite amaphunzitsa za Ukraine pazokha, pomwe inu mwamva kuti anthu ake ndi amodzi ndi a ku Russia. Mkangano umenewu sunayambe ndi nkhondo ya 2022 ayi, ndi wakalekale.

Mmodzi mwa amene anaukolezera ndi Mykhailo Hrushevsky, yemwe anayamba kuphunzitsa mbiri pa yunivesite ya Lviv, mzinda umene lero uli kumadzulo kwa Ukraine, mu 1894. Nthawi imeneyo mzinda wa Lviv unali m'manja mwa Austria, n'chifukwa chake ankatha kuphunzitsa m'Chiyukireniya. Kutsidya, mu ufumu wa Russia, zinali zina. Mu 1863 nduna ya zam'dziko Pyotr Valuev inalemba kuti Chiyukireniya sichinakhaleko ndipo sichingakhaleko. Mu 1876 mfumu Alexander II inasaina lamulo ku Ems, tauni ya ku Germany, loletsa kusindikiza mabuku atsopano, kuwalowetsa kuchokera kunja, ngakhale kuchita zisudzo m'chilankhulocho. Ine ndimati boma silingavutike kuletsa kawiri chinthu chimene kulibe.

M'masukulu a Russia ankaphunzitsa kuti ufumu wakale wa Kyiv (mzinda umene lero ndi likulu la Ukraine), wotchedwa Rus, unasamukira kumpoto n'kudzakhala Moscow. Mu 1904 Hrushevsky anatsutsa zimenezi poyera. Iye anati cholowa cha Kyiv chinapitirira ku Galicia ndi Volhynia, kumadzulo kwa Ukraine, ndipo Moscow ili ndi mbiri yakeyake. Nayenso sikuti aliyense amamuvomereza. Akatswiri ambiri lero amati Rus sinali Russia komanso sinali Ukraine, chifukwa mitundu yonse iwiriyi inaumbika pambuyo pake.

Pa chikhalidwe ndiye pali kulukanalukana, ndipo apa mfundo yanu ili ndi pogwira. Nikolai Gogol anabadwira ku Ukraine mu 1809 koma ankalemba m'Chirasha, mpaka lero mbali zonse zimamukanganirana. Taras Shevchenko, amene anabadwa ali kapolo wa mwini munda mu 1814, analemba ndakatulo zake zambiri m'Chiyukireniya, ndipo mu 1847 boma la Russia linam'tumiza ku usilikali kutali, litamuletsa kulemba ndi kujambula. Ngakhale Volodymyr Zelensky, amene anasankhidwa kukhala pulezidenti wa Ukraine mu 2019, anakulira m'banja lolankhula Chirasha ku Kryvyi Rih. Choncho chilankhulo chokha sichikuuzani kumene mtima wa munthu uli. Pa 1 Disembala 1991 anthu oposa 90 pa 100 alionse amene anaponya voti anasankha kuti Ukraine ikhale dziko loima palokha, kunja kwa Soviet Union, ngakhale ku Donetsk ndi Luhansk, madera a kum'mawa kumene ambiri amalankhula Chirasha, ambiri anavomera.

Hrushevsky uja sanathere m'kalasi. Mu 1917 anatsogolera Central Rada, nyumba ya malamulo ya Ukraine. Boma la Stalin, mtsogoleri wa Soviet Union, linamumanga mu 1931, anamwalira mu 1934, ndipo mabuku ake anatsekeredwa mpaka chakumapeto kwa Soviet Union.